Denga la malata silidyedwa

Nthawi zonse ndikamva pa wailesi akuti "kafukufuku waonetsa kuti", mtima wanga umathamangira kwa agogo ena a m'mudzi wina wa m'chigawo chapakati. Dzina lawo ndilisunga, ndipo mwina pano adatisiya kale. Ndidakumana nawo mwezi wa Januwale, chimanga chisanamasule, nthawi imene m'makomo ambiri moto umayaka kamodzi patsiku.

Ndidali nditangomaliza sukulu, ntchito ikusowa, ndiye ndidapeza kaganyu ku bungwe lina koyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso. Adatiphunzitsa kwa sabata imodzi, n'kutipatsa zikwama, mapensulo ndi mulu wa mapepala. Cholinga chidali kupeza mabanja ovutikitsitsa oti alandire thandizo. Funso lililonse lidali ndi timabokosi toti tichonge. Denga la nyumba: udzu kapena malata. Pansi: dothi kapena simenti. Khoma: zidina kapena njerwa zootcha. Wailesi, njinga, ziweto: zilipo kapena palibe.

Nyumba ya agogowa idali ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, pansi pali simenti. Adamanga ndi malemu amuna awo m'zaka za m'ma 1970, ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Malatawo adali atachita dzimbiri, simenti itang'aluka paliponse, koma pa pepala langa padalibe kabokosi ka dzimbiri. Agogowo ankalera zidzukulu zinayi zamasiye. Nkhokwe idali gwa, yopanda ndi chitsononkho chomwe. Pamafuwa padali kamphika ka phala la gaga.

Ine ndidachonga zimene ndidaona. Malata. Simenti. Njerwa zootcha. Sindidaname ngakhale pamodzi.

Kuseri kwa agogowo kudali mnyamata wina wolima fodya, wogona m'nyumba ya udzu. Anthu adandinong'oneza kuti ali ndi ng'ombe, koma zimagona m'khola la amalume ake kumudzi wina. Nditamufunsa za ziweto adati pakhomo pake palibe, ndipo ndikayang'ana padalibedi. Naye sadaname kwenikweni.

Patapita miyezi ingapo tidabwereranso m'dera lomwelo pa ntchito ina. Agogo aja adandizindikira ndili patali. Atandipatsa mkeka, adandiuza modekha kuti mayina a olandira thandizo adabwera, lawo mudalibe, la mnyamata wa fodya uja lidalimo. Kenako adandifunsa: "Kodi mwanangu, paja papepala paja mudalembapo chiyani?"

Ndidasowa chonena. Funso limenelo ndi limene landichititsa kuti ndilembe nkhaniyi.

Amene adagulitsapo chimanga kapena soya kwa mavenda akudziwa nkhani ya sikelo. Pali sikelo ina yoti thumba lomwelo ukalipachika katatu, imakuuza makilogalamu atatu osiyana. Imeneyo aliyense amaikana. Koma pali ina yoopsa kuposa pamenepo, imene mwini wake adaikhotetsa mwanzeru. Upachike thumba la makilogalamu 50 lero, ikuuza 44. Upachike mawa, 44. Abwere mnzako apachike, 44 yemweyo. Sikelo yotere imaoneka yodalirika chifukwa sisinthasintha mawu, koma ikukubera tsiku lililonse.

Akatswiri a kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu ali ndi mayina a zinthu ziwirizi. Kusasinthasintha kwa muyezo amakutcha reliability pa Chingerezi. Kuti muyezowo ukuyezadi chinthu chimene ukunena kuti ukuyeza amakutcha validity. Funso langa la denga lidali lodalirika kwambiri pa mbali yoyambayo. Mukadatuma anthu 10 kunyumba kwa agogo aja, onse akadachonga malata. Koma chimene tinkafuna kudziwa ndi njala ya chaka chimenecho, pamene malatawo ankanena za ndalama zimene zidalowa pakhomopo zaka zoposa 30 m'mbuyomo.

Vuto la sikelo ya venda lili ndi mankhwala ake. A Malawi Bureau of Standards akhoza kubwera ndi chitsulo chodziwika kulemera kwake, n'kuchipachika, bodza n'kuonekera poyera. Nanga umphawi tiuyesa ndi chitsulo chiti? Umphawi, njala, chikhulupiriro mwa atsogoleri, mphamvu za amayi m'banja, zonsezi sizigwirika ndi manja. Timangoona mapazi ake, n'kumati chadutsa apachi ndi chakuti. Akatswiri awiri a ku America, Lee Cronbach ndi Paul Meehl, adalemba za vutoli m'chaka cha 1955. Mfundo yawo idali yoti ukamayeza chinthu chosaoneka, palibe mayeso amodzi amene angakutsimikizire kuti walondola. Uyenera kumaonetsa umboni wochokera mbali zingapo kuti muyezo wakowo ukuyenda limodzi ndi zinthu zina zimene ukuyembekezera kuti uziyenda nazo. Mwachidule, mwini muyezo ndiye ali ndi mlandu wotsimikizira anthu, osati kungoti poti nambala yatuluka mu kompyuta ndiye kuti ndi yoona.

Kwathu kuno vuto limayambira pa mawu enieniwo. Mafunso ambiri amalembedwa m'Chingerezi, kenako n'kumasuliridwa m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Tengani funso loti "dzulo mudadya kangati?" Ndidafunsapo bambo wina amene adayankha kuti sadadye chilichonse tsiku lonse. Titacheza pang'ono zidadziwika kuti m'mawa adadya mbatata, masana chinangwa chophika, madzulo maungu. Sadali kundinamiza. Kwa iye, monga kwa ambiri a ife, munthu amene sadadye nsima sadadye. Ndikalemba ziro, ndanamiza boma. Ndikalemba katatu, ndataya uthenga woti ufa pakhomopo udatha. Kabokosi kadali kamodzi basi.

Funso loti "mumagwira ntchito?" nalo ndi msampha. Mayi wodzuka 4 koloko kupita kumunda, masana n'kukagulitsa zitumbuwa pa sukulu, madzulo n'kuthirira kudimba, amayankha kuti "ayi, ine ndimangokhala". Ntchito kwa iye ndi ija ya malipiro a pamwezi. Wofunsa waulesi akachonga zimenezo, mayiyo wasanduka lova pa pepala.

Nanga banja? Amatiuza kuti tiwerenge anthu odyera mumphika umodzi. Ndiye mupeze khomo la mitala, bambo amadya kuno lero, mawa uko. Mupeze ana amene amagona kwa agogo awo koma amadya kwa mayi awo aang'ono. Mupeze anyamata ogona m'gowelo amene amadya paliponse pafuka utsi. Mufunse kuti mutu wa banja ndani m'mudzi wa chikamwini, kumene munda ndi wa mkazi, ndipo nkhani zikuluzikulu za ana amagamula ndi mwini mbumba amene sakhala n'komwe pakhomopo. Mufunse mayi kuti ali ndi ana angati: ana a mchemwali wake ndi akenso, ndipo mwana amene adapita padera kapena kumwalira ali wakhanda si nkhani yoitchula kwa mlendo amene wangofika kumene.

Ngakhale zaka zakubadwa, zimene zimaoneka ngati nambala yosavuta, zili ndi nkhani yake. Akatswiri owerenga anthu adaona kalekale kuti m'mayiko amene anthu ambiri alibe zikalata zakubadwa, zaka zimaunjikana pa manambala othera ndi 0 kapena 5. A zaka 60 amachuluka modabwitsa kuposa a zaka 59 kapena 61. Ife tinkathandizana ndi okalamba pokumbutsana zochitika: kodi pa njala ya 1949 mudali mutabadwa? Pa ufulu wa 1964 mudali mutatha msinkhu? Pa referendamu ya 1993 mwana woyamba adali kalasi yanji? Nambala imene inkatuluka pamenepo idali yogwirizana anthu awiri pamkeka, koma ikafika mu lipoti imaoneka ngati idachokera kuchipatala.

Wina anena kuti izi ndi tizolakwika ting'onoting'ono timene timasungunuka anthu ofunsidwa akachuluka. Ayi ndithu. Ku Tanzania, m'zaka za 2007 ndi 2008, akatswiri anayi, mmodzi mwa iwo Kathleen Beegle wa ku World Bank, adachita dala kuyesa nkhani imeneyi. Adatenga mabanja pafupifupi 4,000 n'kuwagawa mwamaere m'magulu 8. Onse ankafunsidwa za chakudya ndi zinthu zina zogula pakhomo, koma njira yofunsira idali yosiyana. Ena ankafunsidwa kukumbukira za masiku 7 apitawo, ena masiku 14, ena za mwezi wamba. Ena adawerengeredwa mndandanda wautali wa zakudya, ena waufupi. Ena adapatsidwa kabuku kolembamo tsiku ndi tsiku. Poti magulu adasankhidwa mwamaere m'midzi yomweyo, njala yawo idayenera kufanana. Koma zotsatira zake, chiwerengero cha anthu anjala chidachoka pa 19 pa 100 alionse ndi njira ina, kufika pa 68 pa 100 alionse ndi njira ina. Midzi yomweyo, nyengo yomweyo. Chidasintha ndi kafunsidwe kokha.

Nkhani ya minda nayo ndi chimodzimodzi. Ofufuza atayerekeza maekala amene alimi amatchula ndi zimene kachipangizo ka GPS kapeza poyenda m'malire a munda, m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, adapeza kuti a minda ing'onoing'ono amakonda kutchula malo ochulukirapo, pamene a minda ikuluikulu amatchula ochepera. Tsono kumbukirani kuti zokolola pa ekala timazipeza pogawa matumba ndi maekala. Maekala akalakwika, chilichonse chomangidwa pamwamba pake chapendekeka. Ndiye matumbawo ndi ati? Mlimi amakuuza kuti adakolola ngolo zitatu. Ngolo ya ng'ombe kapena ya abulu? Chosenda kapena chamakoko? Nanga chija adadya chachiwisi m'mwezi wa Malichi chikuwerengedwa pati?

Pali chinanso chimene sikelo ya venda ilibe. Thumba la chimanga siliganiza, koma munthu amene ukumufunsa nayenso akukuyeza. Galimoto yoyera ikangoima pa bwalo la amfumu, mudzi wonse wayamba kale kuwerengera kuti anthu awa abwera ndi chiyani. Akaganiza kuti mwabwera ndi makuponi, njinga imalowa kuchipinda, mbuzi zimapita kudambo. Akaganiza kuti ndinu a ngongole, aliyense ali ndi bizinesi. Mukafunsa za makondomu mutavala malaya a bungwe la zaumoyo, mumva yankho limene iwo akudziwa kuti a zaumoyo amalikonda. Sindikuwaweruza. Munthu wosauka amene wafunsidwa mafunso maola awiri, n'kusiya khasu, ali ndi ufulu woganiza kuti apindulapo chiyani. Katswiri wina wa ku America, Donald Campbell, adachenjeza m'zaka za m'ma 1970 kuti nambala ikangoyamba kugwiritsidwa ntchito pogamula zinthu zokhudza miyoyo ya anthu, anthu amayamba kuikhotetsa, ndipo imasiya kunena zoona za chinthu chimene idapangidwira.

Ife ofunsa nafenso sitidali angelo, ndipo apa ndivomere. Tinkalipidwa potengera mapepala amene tamaliza. Tsiku lina mvula itatsekereza, ndidapeza kuti ndalumpha mafunso atatu pa khomo lina lakutali, kutsidya kwa mtsinje. Kubwerera kudali ulendo wa ola lathunthu. Ndidakhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza ndekha mayankho amene ndidaona kuti akuyenera. Palibe adandigwira. Mchitidwe umenewu uli ndi dzina pakati pa ofunsa mafunso, amati kuphika data. Crystal Biruk, amene adayenda ndi magulu a kafukufuku m'midzi ya m'dziko muno m'zaka za 2007 ndi 2008, adalemba buku lotchedwa Cooking Data limene lidatuluka mu 2018. Mfundo yake yaikulu ndi yoti palibe nambala yaiwisi imene imangotoledwa pansi ngati masuku. Nambala iliyonse yadutsa m'manja mwa womasulira funso, wofunsa, woyankha, woyang'anira ndi wolowetsa mu kompyuta, ndipo aliyense wathirapo kamchere kake, ngakhale pamene palibe wachita chinyengo.

Ndiye titaye manambala onse? Apo ndiye tingalakwitse koposa. Kalembera wa 2018 wa National Statistical Office ku Zomba adapeza kuti tidali anthu 17.5 miliyoni. Popanda nambala ngati imeneyo, boma lingadziwe bwanji kuti limange makalasi angati kapena ligule katemera wochuluka bwanji? Ndipo funso la denga lija silidalembedwe ndi zitsiru. Adalisankha chifukwa denga silibisika ngati njinga, siliwononga nthawi kufunsa, ndipo mukatenga boma lonse, n'zoona kuti mabanja a nyumba za udzu ambiri ndi osauka kuposa a nyumba za malata. Vuto limabwera pamene muyezo umene ukunena zoona za boma lonse tiugwiritsa ntchito pogamula za khomo limodzi. Kusiyira amfumu ndi makomiti okha kuti asankhe nakonso kuli ndi matenda ake, tonse tikudziwa mmene mayina a abale amaloweramo. Njira iliyonse ili ndi diso lake lakhungu, n'chifukwa chake imodzi iyenera kumaunikira inzake.

Chosangalatsa n'choti zina mwa njira zanzeru zothana ndi vutoli zidayesedwa konkuno. Kuyambira mu 1998, ofufuza a ku University of Pennsylvania pamodzi ndi anzawo a kuno akhala akutsata mabanja omwewo m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mu 2006, Adeline Delavande ndi Hans-Peter Kohler ankafuna kudziwa mmene anthu amaonera mwayi woti chinthu chichitike, monga kutenga kachilombo ka HIV. Kufunsa kuti "n'zotheka kwambiri kapena pang'ono?" sikunkathandiza, poti "pang'ono" wanga si "pang'ono" wanu. Ndiye adapatsa woyankha aliyense nyemba 10 kuti aike m'mbale. Nyemba zonse 10 ndiye kuti chichitika ndithu, osaika ndi imodzi yomwe ndiye kuti sichingachitike. Ndipo sadangokhulupirira nyembazo. Adaziyesa kaye ndi mafunso osavuta, monga mwayi wopita kumsika m'masiku awiri akudzawa ndi mwayi wopita kumsika m'masabata awiri akudzawa. Amene wamvetsa sangaike nyemba zochepa pa funso lachiwirilo kuposa pa loyamba, ndipo anthu ambiri adayankha mogwirizana ndi nzeru imeneyi. Uku ndiye kuyesa sikelo usanayambe kugula chimanga.

Poti kafukufuku yemweyo ankayezanso magazi, zidatheka kuika maganizo a anthu pambali pa zotsatira za kuchipatala. Zidapezeka kuti ambiri mwa amene ankadziganizira kuti ali ndi kachilombo adalibe. Funso lija silinkayeza matenda, linkayeza mantha, ndipo kudziwa zimenezo kudali phindu palokha. Komabe ngakhale nyembazo sizidakondweretse onse. Biruk adalemba kuti akuluakulu ena ankaona ngati akuwaseweretsa masewera a ana.

Susan Watkins, mmodzi mwa amene adayambitsa kafukufukuyu, adaonanso kuti zimene anthu amayankha pa pepala zimasiyana ndi zimene amakamba akakhala okhaokha. Kuyambira mu 1999 adapempha anthu ena a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope nkhani za Edzi zimene amva pa mjigo, pamaliro, pa bawo kapena m'minibasi. Makope mazanamazana adalembedwa. M'menemo mudaoneka kuti anthu amene ankanenedwa kuti ali chete pa za Edzi ankaikamba tsiku ndi tsiku, kulangizana, kukangana, ngakhale kutchula amene akuwakayikira. Njira iyinso ili ndi zofooka zake, poti wolemba amasankha zoti akumbukire. Koma ukaiphatikiza ndi mapepala a mafunso aja, chithunzi chimayamba kuoneka bwino.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidaphunzira kuti wofunsa molakwika nayenso amadya phula lomwelo, ndipo choipa n'choti amadyetsako dziko lonse. Choncho abale anga, nambala ikabwera pa wailesi kapena m'nyuzipepala, kaya ikukomera chipani chanu kaya ikuchinyoza, musathamangire kuombera m'manja kapena kutukwana. Funsani kuti funso lenilenilo lidali lotani, ndipo m'Chichewa adalimasulira bwanji. Funsani kuti adafunsa mwezi wanji, chifukwa Malawi wa mu Meyi ndi Malawi wa mu Febuluwale ndi mayiko awiri. Funsani kuti adafunsa ndani pakhomopo, bambo kapena mayi, ndipo pafupi padakhala ndani. Funsani kuti oyankhawo ankaganiza kuti alandira chiyani. Atolankhani anzanga, mafunso amenewa ndi ntchito yathu tisanalembe mutu wa nkhani. Ndipo inu olemba mafunso m'maofesi a ku Lilongwe ndi Zomba, funso lisanapite m'midzi 500, kaliyeseni kaye pamkeka ndi anthu 20, muwafunse kuti alimva bwanji. Siyaninso mpata pansi pa pepala woti wofunsa alembe zimene maso ake aona koma timabokosi tazikana, ndipo pakhale munthu woti aziwerengadi zimenezo.

Pa pepala langa lija mpata wotere udalipo, timizere tiwiri kumapeto kwenikweni. Sindidalembepo kanthu, chifukwa dzuwa lidali litapendeka ndipo ndidali ndi makomo ena atatu oti ndimalize. Sindikudziwa ngati kulembapo kukadasintha chilichonse. Chimene ndikudziwa n'choti tsiku lachiwiri lija, agogo atandifunsa, ndidawayankha zoona kuti ndidalemba kuti nyumba yawo ndi ya malata. Adayang'ana kumwamba, kudenga lawo la dzimbiri lija, n'kuseka pang'ono.

"Ndiye mukawauze akuluakulu anuwo abwere adzatiphunzitse kaphikidwe kake," adatero.